Gawo Limene Amake Favour Analikonza

Faifi koloko inali itangopitirira pamene madzi anafika pa pompi, ndipo amake Favour anali kale pa nsalu yachitatu ya kutchalitchi. Palibe anawatuma ntchitoyi. Nsalu za pa guwa zimangopezeka zoyera Lamlungu lililonse, ndipo abusa akamayamika Mulungu chifukwa cha kukongola kwa nyumba yake, iwo amavomera ameni pamodzi ndi anzawo, zala zikuwawa ndi sopo.

Zigubu zachikasu zinali zitandanda kuyambira pa pompi mpaka pa mpanda wa bana Mapalo, mayi woyandikana nawo nyumba. Eni zigubuzo sanadzere madzi okha. Chaka chimenecho malaiti ankathima kwambiri mu Kafue, koma nyumba ya amake Favour ili pa waya umodzi ndi kiliniki, choncho tivi yawo inkayaka madzulo ambiri pamene ena anali mu mdima. Iwo ndiwo ankaonera filimu ya ku China ija ya magawo makumi asanu ndi limodzi, ya anthu ovala zoyera zokhwekhwereza pansi, oyenda m'mitambo ataimirira pa malupanga. Kukacha ankaifotokoza pa pompi, manja ali m'beseni.

Mayina a Chitchaina ankawakanika, ndiye anapatsa anthuwo mayina awoawo. Mtsikana wa nkhaniyo anali Kaduwa. Mnyamata wosaseka, wokhala paphiri lozizira, anali Bwana Chisanu. Mayi amene analera Kaduwa anali Mayi wa Mtondo, chifukwa gawo lililonse ankaoneka akusinja mankhwala kapena akukweza madzi pa masitepe osawerengeka, anzake ali kalikiliki kukondana kumwamba. Amayi a pa pompi ankafuna kumva za Bwana Chisanu. Amake Favour mtima wawo unali pa Mayi wa Mtondo, ndiponso pa munthu wina amene sanamuonepo.

"Nanga zovala zija amachapa ndani?" ankafunsa kawirikawiri. "Munthu wamenyana ndi chinjoka, wagwera m'matope, mawa lake malaya ali mbee. Kuli mayi wina kuseri uko amene sationetsa."

Dzina lawo la ubatizo ndi Dainess, koma mu Kafue muli anthu ochepa amene amalikumbukira. Anabadwira ku Katete, nabwera kuno ali ndi zaka zisanu ndi zinayi atate awo atapeza ntchito ya njanji. Anakwatiwa ndi ba Fackson, a ku fakitale ya feteleza, munthu wofatsa amene tsopano anagona. Anakhala zaka zisanu ndi ziwiri m'banja opanda mwana. Mng'ono wawo Fines ankagula nsomba ku Chanyanya n'kumagulitsa m'tauni, ndipo kumeneko anakondana ndi msodzi wina dzina lake Obed, amene anali asanaonekere kwa makolo. Fines anabereka mwana wamkazi, ndipo patangopita sabata imodzi anamwalira. Akubanja, ali ndi chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo, anapereka khandalo kwa Dainess, nauza Obed kuti asadzatsegule pakamwa. Ba Fackson anapatsa mwanayo dzina la kwawo. Kuyambira tsiku limenelo Dainess anakhala amake Favour, ndipo dzinali analivala zaka makumi awiri ndi zinayi osalivula.

Obed anasunga mawu. Chimene sanasiye ndi kubwera kawiri pa chaka pa njinga, ndi mtolo wa nsomba zouma wokulunga m'thumba la ufa. Ankaima pa geti, n'kufunsa za sukulu, n'kubwerera. Favour ankawadziwa monga ba ankolo ba nsomba.

Tsopano Favour anali wamkulu, wogulitsa mankhwala mu shopu ina ku Lusaka, woimba kutsogolo kutchalitchi, ndipo Loweruka likudzalo a kwawo kwa Elisha, mnyamata wokonza mafiriji wa ku Shimabala, anali kudzatumiza shibukombe, mkhalapakati wa ukwati, kudzapempha mwana. Alangizi a mpingo anali atawatengera pambali amake Favour. Mwana sakwatiwa atate ake ali moyo osauzidwa, anatero, ndipo atate sangaitanidwe mwana asakudziwa chifukwa chake. Masiku anatsala asanu. Mawu anali okonzeka kalekale, koma nthawi iliyonse akafika pa lilime, amake Favour ankadzifunsa ngati m'mawa mwake adzamvenso liwu lija loti Amama kuchokera kuchipinda.

Ndiye dzulo lake, Favour ali kokonzekera nyimbo, filimu inafika pamene iwo ankaopa. Kachizindikiro ka kuseri kwa khutu la Kaduwa kanawala, ndipo zinadziwika kuti iye ndi mwana wa Mfumu ya Pansi pa Madzi. Kaduwa anaponya pansi mbale ya mankhwala, nauza Mayi wa Mtondo kuti, "Sindinu mayi anga." Anakwera lupanga n'kuuluka, mayiyo n'kutsala akutola zidutswa za mbaleyo. Amake Favour anathimitsa tivi nyimbo yomaliza isanathe.

"Manje tiuzeni," anatero bana Mapalo m'mawa uja, atakhala pa chigubu chawo. Ndi mayi wa Chibemba wa mawu aakulu, amene wakhala khomo loyandikana ndi la amake Favour kuyambira Favour asanabadwe. "Dzulo tinasiyira pa khutu. Lawala kapena silinawale?"

Favour anali pa khonde, masitepe asanu kuchokera pa pompi, akupukuta nsapato za kuntchito. Amake anamuyang'ana ndi ngodya ya diso, nafinya nsalu.

"Lawala," anatero. "Zonse zaululika. Kaduwa si mwana wa Mayi wa Mtondo."

Amayi anang'ung'udza. Wina anati iye anadziwa kale, poona mphuno.

"Ndiye Kaduwa wachita bwanji?"

Apa ndi pamene amake Favour, amene sanawonjezepo ngakhale mtambo umodzi pa magawo makumi atatu, anapatuka pa njira. Anati Kaduwa anatenga beseni, natunga madzi, nagwada, nasambitsa mapazi a Mayi wa Mtondo, aja ong'ambika ndi masitepe. Anati Kaduwa ananena kuti wondibereka sindimudziwa, koma amene anandipukuta mamina ndikumuona. Anafotokoza ngakhale mtundu wa thaulo. Nsalu imene inali m'manja anaifinya mpaka inasiya kudontha.

Chigubu china chinasefukira, mwini wake osaona.

"Mwana woleredwa bwino," anatero mayi wina, akupukuta m'maso ndi chitenge.

Favour anavala nsapato, natenga chikwama. Podutsa anaima pang'ono, nayang'ana amake, pakamwa pali kachimwemwe kosamveka bwino.

"Napita, Amama. Minibasi izanisiya."

"Uyende bwino. Watenga ambulera?"

"Kulibe mvula mu Julayi, Amama."

Dzuwa litakwera, nsalu zili pa chingwe, amake Favour anakhala kuseri kwa nyumba akusankha kapenta, tinsomba touma tija. Bana Mapalo analowa osagogoda, nakoka kampando, nayamba kusankha nawo ngati anaitanidwa.

"Ba Dainess," anatero. Ndi iwo okha amene amatchula dzinalo, ndipo amalitchula pakakhala nkhani. "Mwanama."

"Munaonera kuti? Kwanu kunalibe malaiti."

"Sinifunika malaiti. Aja Matchaina sakhululukirana gawo limodzi. Bwana Chisanu anamupondera chabe duwa, mtsikana anakwiya zaka mahandiredi atatu. Manje nkhani yaikulu ngati iyi, beseni latuluka kuti?"

Amake Favour anaseka, kenaka kusekako kunathera panjira. Anaponya kamwala kamene anapeza mu kapenta.

"Anamuuza kuti sindinu mayi anga," anatero pansipansi. "Anaphwanya mbale."

"Uja ni Kaduwa. Wanu ni Favour."

"Mwana ni mwana."

"Awe mwandi. Kaduwa analeredwa pa phiri, kulibe maneba, kulibe Sande sukulu. Uyu tamulera tonse. Akaphwanya mbale nizamutuma akagule ina." Bana Mapalo anapeta kapenta m'manja. "Koma simungamuuze na filimu. Mwamuponyera nkhani pa pompi monga muponyera nkhuku chimanga, kuona ngati izadya. Muuzeni na pakamwa panu. Loweruka si patali."

Masana onse amake Favour anagwira ntchito zimene sizinali zofulumira. Anasita nsalu za kutchalitchi, nazipinda. Anapita kukasambitsa gogo wina wa mumpingo amene ana ake ali ku Kitwe, monga amachitira Lolemba lililonse. Pobwerera anagula chibwabwa, masamba a maungu, kwa mayi wa ku Shimabala. Kenaka anatsegula sutikesi ya pansi pa bedi, natulutsa chitini chakale cha mabisiketi. M'menemo munali khadi la kukiliniki la Favour, lolembedwa dzina la Fines pa malo a mayi, ndi chithunzi chimodzi cha Fines ataima pafupi ndi bwato, chokulungidwa m'kansalu pansi penipeni. Anaziika m'thumba la epuloni, ndipo thumbalo linalemera ngati muli mwala.

Favour anafika sikisi isanakwane, dzuwa likadali pa madenga. Anavula nsapato, namanga chitenge pamwamba pa siketi ya kuntchito, nakhala pa mphasa pafupi ndi mbaula. Anatenga tsamba la chibwabwa nayamba kusenda.

"Amama," anatero osadzutsa mutu, "gawo lija mwalikonza bwino."

Manja a amake anaima.

"Ine ninaitsiriza filimu yonse pa foni, mu minibasi. Mwezi watha. Sininakuuzeni chifukwa mumaikamba bwino kupambana eni ake." Anaika tsamba m'mbale. "Kulibe beseni mu filimu ija, Amama. Kulibe na thaulo."

Amake Favour anayang'ana moto. Anaganiza zoti anene kuti anasokoneza ndi filimu ina. Kenaka anapisa m'thumba, natulutsa khadi lija, naliika pa mphasa pakati pawo. Zimene anakonza zaka makumi awiri ndi zinayi zinatuluka zopanda dongosolo. Anayambira pa maliro, nabwerera ku Katete, nalumphira pa usiku woyamba pamene khanda linakana botolo ndipo ba Fackson anayenda nalo pabwalo mpaka tambala. Ananena kuti Fines anali mng'ono wawo, kuti ankaseka ngati Favour, kuti sanamusiye mwadala. Anamaliza ndi mawu amene sanawakonze.

"Sindinakubereke ine, mwanawe."

Favour anatenga khadilo, nalitembenuza, nalibwezera pa mphasa.

"Ili ninaliona nili na zaka sikisitini. Pamene munanituma kufuna mapepala a reji, chitupa cha boma, mu sutikesi."

"Zaka zonsezi?"

"Zonsezi."

"Osandifunsa?"

Favour anatenga tsamba lina. Ulusi wake unaduka, nayambanso.

"Ninayopa. Ninati mukadziwa kuti nadziwa, muzayamba kunisunga monga mlendo. Kunipatsa mbale ya magalasi, kunifunsa ngati nakhuta. Ine nifuna muzinikalipira pa nkhani ya mapoto monga kale."

Amake Favour anafuna kuyankha, koma chimene chinatuluka chinali pakati pa kuseka ndi kulira. Anaphimba nkhope ndi epuloni. Favour anasendera pafupi, natsamira phewa lawo monga ankachitira ali wamng'ono akamukana kupita kukasewera.

"Ndiye lero m'mawa unangondiyang'ana ndikunama pamaso pa anthu."

"Ninafuna kumva ngati Kaduwa azafika pa kudzola mafuta. Munatsala pang'ono."

"Iwe mwana ulibe ulemu."

"Ehe. Ndiye mau amene nifuna."

Anaseka onse awiri mpaka madzi a pa mbaula anawira n'kuzimitsa mbali ina ya moto. Amake anakonza malasha, natulutsa chithunzi chija. Ichi Favour anali asanachione. Anachigwira ndi manja awiri, nachiyang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pa chipumi cha mtsikana wa pa chithunzicho kenaka pa chake.

"Anali wamng'ono kupambana ine," anatero.

"Zaka naintini."

"Nanga bwato ni la ndani?"

Amake Favour anapuma mozama. Apa ndi pamene anazindikira kuti pa khadi paja malo a bambo anali opanda kanthu, ndipo mwanayo ankadziwa theka lokha.

"La atate ako. Ali moyo. Uwadziwa."

Favour anadzutsa mutu.

"Ba Obed. A ku Chanyanya."

"Ba ankolo ba nsomba?"

"Omwewo."

Favour anaika chithunzi pa miyendo, nayang'ana ku geti ngati kuti njinga ija yaima pomwepo. Amake anamuuza za lamulo limene akubanja anaika, ndi momwe munthuyo analisungira osaphonya, ndiponso kuti chaka chimene Favour anadwala chikuku, ba Obed anagona masiku atatu pa benchi ya kunja kwa chipatala, akunamizira kuti akudikira wogula nsomba.

"Amama," anatero Favour pomaliza, mawu atachepa, "nili mu giredi faifi ninawauza kuti njinga yawo inunkha. Pamaso pa anzanga."

"Ndikukumbuka. Ulendo wotsatira anabwera ataitsuka ndi sopo wa mafuta onunkhira. Ntchentche zinawatsata kuchokera ku Chanyanya mpaka pano."

Favour anaseka misozi ikutsika, napukuta ndi kuseri kwa dzanja, chibwabwa chikumata pa tsaya. Anafunsa ngati ba Obed ali ndi ana ena. Anafunsa ngati amapemphera. Anafunsa ngati amadziwa za Elisha. Ena mwa mafunsowo amake analibe mayankho ake, ndipo ananena choncho.

"Loweruka abwere," anatero Favour. "Akhale pa mpando wa atate. Ba tate ba Fackson sangakwiye, anali munthu wabwino. Koma pa mphasa ya amai muzakhala ndimwe. Shibukombe akafunsa amake mwana ni ndani, musayang'ane kumbali."

"Ndiyang'ane kumbali chifukwa chiyani? Matewera anachapa ndani?"

"Ndiye pamene."

Nshima ya tsiku limenelo inapsa mochedwa, ndipo chibwabwa chinachuluka mchere chifukwa aliyense anathira poganiza kuti mnzake waiwala. Anadya chonchobe. Nthawi ya filimu itakwana, Favour anayatsa tivi yekha, nakhala pansi kutsogolo kwa amake kuti amumasule tsitsi. Mayi wa Mtondo anaoneka akusesa pabwalo lopanda munthu.

"Kodi Kaduwa abwerera?" anafunsa amake.

"Siniuza. Muzaonera mweka."

M'mawa mwake pa pompi, amake Favour anaimika beseni pansi, napukuta manja, nauza amayi kuti dzulo anawanamiza. Anafotokoza gawo lija monga linalili, mbale yosweka ndi lupanga ndi zonse. Amayi sanakondwe nazo. Wina anati Kaduwa ndi mwana wopanda mwambo, Bwana Chisanu amusiye. Wina anati Matchaina alembe amake Favour ntchito, chifukwa gawo lawo linali labwino kuposa lenileni. Palibe anafunsa chifukwa chimene ananamira. Ena mwa iwo anali pa maliro a Fines, ndipo anangoyang'ana Favour akutuluka m'nyumba, akumanga wotchi, akufuula kuti Amama, makiyi mwaika kuti.

Zigubu zitatha, amake Favour anawoloka kupita pa mpanda wa bana Mapalo. Anawapeza akukolezera mbaula, utsi uli m'maso.

"Mbale zonse zilipo?" anafunsa bana Mapalo osatembenuka.

"Zilipo."

"Ninakamba."

Amake Favour anaima pamenepo akupotokola ngodya ya chitenge. Mantha aakulu anali atachoka, koma panatsala kena. Zaka makumi awiri ndi zinayi analandira nsomba pa geti osamuuza munthu uja kuti lowani mukhale pansi. Sankadziwa kuti munthu wotere umayamba kumuuza chiyani, ndiponso si mwambo kuti mayi apite yekha kukaitana bambo wa mwana ngati akukagula ndiwo.

"Bana Mapalo," anatero, "Favour wapempha tchuthi cha mawa. Tipita ku Chanyanya kwa ba Obed. Ine ndikafika kumeneko pakamwa padzauma, ndikudzidziwa. Tiyeni tipite tonse, mukayambe ndinu kulankhula."